Chimbale Kapena Intaneti: Chithunzi Chowala Chili Pati M'nyumba Zathu?

Mabanja ambiri m'boma la Neno ali ndi njira ziwiri zoonera kanema. Pena pali makina a DVD amene akhala pa shelefu zaka zambiri, pena pali foni yolowa pa intaneti. Ana amati zimbale ndi zachikale, makolo nawo amati intaneti imangodya ndalama. Ife amene timayenda m'makomo kuphunzitsa za umoyo timagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri poonetsa makanema a kadyedwe ndi ukhondo, choncho taona kuti ndi bwino tifotokoze chimene chimawalitsa chithunzi, kuti banja lisataye ndalama kapena kutopetsa maso pachabe.

Chithunzi chilichonse cha pa kanema chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Timadonthoti tikachuluka, nkhope ndi zilembo zimaoneka bwino. Chimbale cha VCD, chimene chinali chofala kale m'nyumba zoonetsera kanema, chimakhala ndi timadontho 352 m'litali ndi 288 m'lifupi. Cha DVD, chimene chinayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, chimafika 720 ndi 576, kutanthauza kuti timadontho take ndi tochuluka pafupifupi kanayi. Chimbale cha Blu-ray, chimene chinatuluka mu 2006, chimafika 1920 ndi 1080, kasanu kuposa DVD, koma makina ake ndi osowa kwathu kuno.

Pa intaneti nkhani yake ndi ina. Pa YouTube kanema mmodzi yemweyo amatha kuoneka pa milingo yosiyanasiyana: 144p, 240p, 360p, 480p, 720p, 1080p ngakhale kuposa apo. Mlingo wa 240p uli ngati VCD, wa 480p ukuyandikira DVD, ndipo wa 1080p uli ndi timadontho tofanana ndi ta Blu-ray. Tikangoyang'ana manambala, intaneti ndiye yapambana. Koma foni imasankha yokha mlingo potengera mphamvu ya netiweki. Netiweki ikafooka, chithunzi chimatsika osakufunsani: nkhope zimasanduka timabokosi, mwinanso kanema amaima n'kumangozungulira.

Apa ndi pamene malo athu amalowererapo. Neno ndi boma la mapiri ndi zigwa. Munthu wa pa Zalewa, m'mbali mwa msewu wa M1, sangafanane ndi wa m'mudzi wobisika kuseri kwa phiri cha ku Dambe kapena ku Matandani. Ngakhale m'mudzi umodzi, netiweki ya Airtel kapena TNM itha kugwira pa chulu koma osagwira m'nyumba. Madzulo, pamene anthu ambiri ali pa foni, liwiro limatsikanso, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe banja limafuna kuonera. Chimbale sichidziwa zonsezi. Chithunzi chake cha Lolemba ndi chomwecho cha Lachinayi, kugwe mvula kaya kuwale dzuwa.

Palinso nkhani ya thumba. Kampani ya Netflix imanena kuti kuonera ola limodzi pa mlingo wamba kumadya mpaka 1 GB, pamene pa mlingo wowala wa HD kumafika 3 GB. Tiyerekeze banja loonera ola limodzi tsiku lililonse pa HD: pamwezi litha kumaliza 90 GB. Ambiri a ife tikaona bandulo ikutha timatsitsa tokha mlingo kufika pa 360p, ndipo pamenepo timakhala tikulipira chithunzi chochepera cha DVD. Chimbale chimagulidwa kamodzi, n'kuonedwa kambirimbiri, n'kubwerekedwanso kwa aneba.

Komabe tisathamangire kutamanda chimbale chilichonse. DVD wamba imanyamula 4.7 GB, malo okwanira kanema mmodzi wa maola awiri wooneka bwino. Zimbale zimene zimagulitsidwa m'misika zokhala ndi mafilimu 10 kapena kuposa zimachita kupanikiza zonsezo m'malo ochepa omwewo, ndipo filimu iliyonse imataya kuwala kwake. N'chimodzimodzi ndi makanema amene achinyamata amabenetsa pa fulashi kapena memore khadi, komanso amene adutsa m'manja ambiri pa WhatsApp, pakuti WhatsApp imachepetsa kanema potumiza. Kuwala kukatayika sikubwereranso, ngakhale mutagula sikirini yaikulu. Sikirini yaikulu imangokulitsa zilemazo. Kubena ntchito za oimba athu popanda chilolezo kumawalandanso thukuta lawo. Chimbale chenicheni chogulidwa kwa kwaya kapena woimba mwini wake chimaoneka bwino ndiponso chimamudyetsa.

Chimbale chilinso ndi adani ake awiri: fumbi ndi kukalika. M'miyezi ya September ndi October fumbi limalowa m'makina n'kuphimba kagalasi kowerengera. Vindikirani makina ndi nsalu, gwirani chimbale m'mphepete, ndipo pochipukuta yambirani pakati kupita kunja, osati mozungulira. Yang'ananinso chingwe. Chingwe cha mitu itatu, wachikasu, wofiira ndi woyera, chimapereka chithunzi chofooka poyerekeza ndi cha HDMI. Ngati makina ndi sikirini zonse zili ndi polowetsa HDMI, kusintha chingwe kokha kumaonetsa kusiyana.

Nanga zikukhudza bwanji umoyo? Chithunzi chikakhala chosawala, timayandikira ndi kutsinzinira kuti tione, ndipo munthu akamayang'anitsitsa sikirini amaphethira kochepa. Zotsatira zake ndi maso ouma, otopa, ndi mutu wopweteka. Ana asanu atapanikizana pa kafoni kamodzi mumdima amavutika kuposa amene akhala patali ndi sikirini m'chipinda chowala. Madokotala a maso amalangiza kuti pakatha mphindi 20 zilizonse tiziyang'ana chinthu chakutali, cha pa mamita 6, kwa masekondi 20. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mwana wosafika zaka 2 asamaikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapyole ola limodzi patsiku. Malangizo amenewa sasintha, chithunzi chiwale chotani.

Kwa banja la kuno kwathu, uphungu wathu ndi uwu. Ngati makina a DVD akugwirabe ntchito, musawataye. Pa nyimbo za kwaya ndi maphunziro amene mumabwereza kawirikawiri, chimbale chenicheni chimapambana intaneti yofooka. Pa zinthu zatsopano, musaonere mwachindunji m'nyumba mopanda netiweki. Koperani kanemayo pamene muli pamalo pogwira bwino, monga tsiku limene mwapita ku Neno boma kapena ku Lisungwi, musankhe 480p pa foni kapena 720p ngati mudzaonetsa pa sikirini, kenako mukaonere kunyumba mosadukiza. Mukatero mwalipira bandulo kamodzi ndipo mwakhalanso ndi mpata wouona kanemayo ana asanaone. Yatsani nyale m'chipinda, khalitsani ana patali, ndipo nthawi yogona ikayandikira, zimitsani zonse.