Mesha: Nkhosa ya Kumwamba m'Chiwerengero cha Amwenye

Munthu woima pa Muloza usiku wa kumayambiriro kwa December, mitambo ya mvula itapatuka, akapenya kumpoto pamwamba pa phiri la Mulanje nthawi ya 9 koloko, adzaona nyenyezi zitatu zosawala kwambiri, ziwiri zoyandikana ndi imodzi yotalikirapo pang'ono, zopindika ngati ndodo ya nkhalamba. Kum'mawa kwa izo kuli Nsangwe, ndipo kupitirira apo kuli Akamwiniatsatana. Gulu la nyenyezi zitatuzo Azungu alitcha Aries, dzina la Chilatini. Amwenye alitcha Mesha m'chinenero chao chakale cha Sanskrit. Maina onse awiri atanthauza chinthu chimodzi, ndicho nkhosa yamphongo.

Nkhani ya Mesha siiri yachilendo kotheratu m'boma la Mulanje. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anaitanitsa asilikali a mtundu wa Sikh kuchokera ku India, ndipo ena a iwo anakhala m'linga la Fort Lister, lomangidwa m'chaka cha 1893 pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Mchese. Chikondwerero chachikulu cha anthu amenewa, chotchedwa Vaisakhi, chichitika pa 13 kapena 14 April, tsiku limene dzuwa lilowa m'chigawo cha Mesha. Pambuyo pao panadza amalonda, ambiri a ku Gujarat, ena Asilamu ena Ahindu, namanga masitolo m'malo ogulitsira malonda a kumidzi, kufikira boma linawasamutsira m'mizinda ikuluikulu m'zaka za m'ma 1970. Ahindu ali ndi buku lao la masiku, lotchedwa panchang, limene afunsamo tsiku loyenera ukwati, lotsegulira sitolo, ngakhale dzina la mwana. Masiku ano nkhani za nyenyezi zifika kwa ana a sukulu pa njira ina, ndiyo nyuzipepala ndi telefoni za m'manja. Kotero mphunzitsi ayenera kudziwa choyankha mwana akamfunsa kuti nyenyezi yake ndi iti.

Maziko a chiwerengero chimenechi ndi osavuta. Chifukwa dziko lapansi lizungulira dzuwa, dzuwalo lioneka ngati liyenda pakati pa nyenyezi, nilitsiriza ulendo wake chaka chikatha. Njira imeneyo ndi bwalo la madigiri 360. Amwenye aligawa m'zigawo 12 zotchedwa rashi, chiri chonse cha madigiri 30, ndipo Mesha ndicho chigawo choyamba. Dzuwa likhala m'chigawo chimodzi pafupifupi mwezi wathunthu.

Koma apa pali chimene chisokoneza ambiri. Nyuzipepala ziti munthu wa Nkhosa ndiye wobadwa pakati pa 21 March ndi 19 April. Panchang iti dzuwa lilowa m'Mesha pa 14 April nilitulukamo pakati pa mwezi wa May. Mwana wobadwa pa 1 April ndi wa Nkhosa kwa Azungu, koma kwa Amwenye dzuwa likali m'chigawo cha Nsomba, chimene achitcha Mina. Palibe amene analakwa samu. Kusiyana kuli pa malo oyambira kuwerenga. Azungu ayambira pa malo amene dzuwa liima pa 20 kapena 21 March, usana ndi usiku zikalingana. Amwenye ayambira pa nyenyezi zenizenizo. Kale malo awiriwa anali pamodzi, koma dziko lapansi silizungulira chilili. Mwana amene anaombapo nguli adziwa kuti ngakhale nguli izungulira msanga, mutu wake uyendanso pang'onopang'ono, nulemba kabwalo m'mwamba. Dziko lichita chimodzimodzi, ndipo kabwalo kake katenga zaka pafupifupi 26,000. Chifukwa cha ichi, malo olinganira usana ndi usiku abwerera m'mbuyo digiri imodzi pa zaka 72 ziri zonse. Hipparchus, Mgriki, anazindikira ichi zaka zoposa 100 Yesu asanabadwe.

Mpata wa pakati pa ziwerengero ziwirizi Amwenye autcha ayanamsha. Kale dera liri lonse la India linali ndi kawerengedwe kake, kotero kuti chikondwerero chimodzi chinkachitika masiku osiyana. M'chaka cha 1952 boma la India linaika bungwe lokonza kalendala, wotsogolera wake Meghnad Saha, ndipo lipoti lake linatuluka m'chaka cha 1955. Muyeso umene unalandiridwa udziwika ndi dzina la N. C. Lahiri, mlembi wa bungwelo. Uti ziwerengero ziwirizi zinagwirizana m'chaka cha 285, ndipo tsopano zasiyana ndi madigiri 24 ndi kupitirirako pang'ono.

Palinso kusiyana kwina kwakukulu koposa. Mhindu akati, “Rashi yanga ndi Mesha,” kawirikawiri sanena za dzuwa iai, koma za mwezi: ndiko kuti mwezi unali m'chigawo cha Mesha pa ora limene anabadwa. Mwezi uzungulira bwalo lonse m'masiku 27 ndi maora ochepa, kotero ukhala m'chigawo chimodzi masiku awiri ndi pang'ono chabe. Munthu wa Mesha angathe kubadwa m'January kapena m'September. Openda nyenyezi ayang'ananso lagna, ndicho chigawo chimene chinali kutuluka kum'mawa pa nthawi ya kubadwa. Ichi chisintha pafupifupi maora awiri ali onse, ndipo chidalira malo. Ana awiri obadwa mphindi imodzi, wina pa Muloza wina ku Surat, lagna yao ikhala yosiyana, pakuti ku India dzuwa lituluka lisanatuluke ku Mulanje.

Njira ya mwezi Amwenye aigawanso m'nyumba 27 zotchedwa nakshatra, ngati zigono za mlendo, chigono chimodzi usiku uli wonse. Mesha ali ndi nyumba ziwiri zathunthu, Ashvini ndi Bharani, ndi gawo limodzi mwa magawo anai a nyumba yachitatu, Krittika. Ashvini ndizo nyenyezi zoyandikana zija za m'ndodo ya nkhalamba. Krittika si ina iai koma Nsangwe, ngakhale kuti nyenyezi zake zenizenizo zigwa m'chigawo chotsatira, cha Ng'ombe. Gawo liri lonse liri ndi liu lake loyambira dzina la mwana. Wobadwa mwezi uli m'Ashvini dzina lake liyamba ndi Chu, Che, Cho kapena La. Wa m'Bharani, Li, Lu, Le kapena Lo. Wa m'gawo loyamba la Krittika, A. Amang'anja ndi Alomwe atcha mwana potsata zimene zinaoneka pabanja: Mavuto, Chikondi, Maliro. Ahindu otsata mwambo wao ayamba afunsa kumene kunali mwezi. Onse awiri afuna kuti dzina lisunge mbiri ya tsiku lobadwa.

Nanga Mesha atanthauzanji kwa okhulupirira? Mabuku ao afanizira bwalo lonse la zigawo 12 ndi thupi la munthu mmodzi wamkulu, Kalapurusha, ndiko kuti Munthu wa Nthawi. Mesha ndiye mutu wake, Mina ndiye mapazi. Mwini wa chigawochi ndi Mangala, nyenyezi yoyenda yofiira imene Azungu ati Mars, yoyesedwa kazembe wa nkhondo. Tsiku lake ndi Lachiwiri, lotchedwa Mangalavara. Mesha awerengedwa pakati pa zigawo za moto, zachimuna, ndi zosakhazikika, ndipo mbali yake ndi kum'mawa. Pa zimenezi openda nyenyezi amanga chithunzi cha munthu: wolimba mtima, wofuna kutsogola, woyamba ntchito msanga koma wosachedwa kutopa nayo, wa mtima wapachala, wosasunga mangawa, amene nthenda ndi zipsera zake zikonda kumgwera m'mutu.

Wowerenga wa kuno adzadabwa. M'Chichewa munthu akamfanizira ndi nkhosa, ndiye kuti ndi wofatsa, wopita kokaphedwa osalira. Amwenye sanaone kufatsako. Anaona mphongo iweramitsa mutu, ibwerera m'mbuyo, nigunda inzake popanda kucheuka. Nyama ndi imodzi, koma mtundu uli wonse unatolapo khalidwe limene unalifuna. Ababulo, amene anayamba kugawa njira ya dzuwa m'zigawo 12, poyamba gulu limeneli analitcha Waganyu, munthu wolembedwa ntchito ya kumunda.

Ichi chifikitsa pa dzina lakuti “chiwerengero cha Veda,” limene lamveka kwambiri m'zaka za posachedwa. Mabuku opatulika a Veda atchula nyumba za mwezi, ndipo m'mndandanda wakale nyumba yoyamba inali Krittika, osati Ashvini. Koma zigawo 12 mulibe m'menemo. Zinafika ku India kuchokera ku Babulo podzera mwa Agriki, m'zaka mazana oyamba Yesu atabadwa. Limodzi la mabuku akale a nzeru imeneyi litchedwa Yavanajataka, ndiko kuti kupenda kubadwa monga mwa Agriki. Varahamihira wa ku Ujjain, amene anakhala m'zaka za m'ma 500, m'buku lake Brihat Jataka apatsanso Mesha dzina lina, Kriya, lochokera ku liu la Chigriki lakuti nkhosa yamphongo. Amwenye eni ake nzeru yonseyi aitcha jyotisha.

Chiphunzitso china chisonyeza bwino kuti matanthauzo awa anabadwira kumpoto kwa dziko lapansi. Mabuku ati dzuwa likhala ndi mphamvu yake yoposa liri m'Mesha, makamaka pa digiri ya 10. Ku India mau awa amveka, pakuti m'April tirigu wa ku Punjab acha, kutentha kukula tsiku ndi tsiku, ndipo Atamil, Abengali ndi anthu a ku Nepal ayamba chaka chao chatsopano. Pa Muloza mwezi womwewo mvula iri kumapeto, chimanga chiri kuuma m'minda, masamba a tiyi ayamba kuchepa, ndipo posachedwa chiperoni chifika kuchokera ku Mozambique ndi nkhungu yake. Dzuwa limene ku Punjab likula mphamvu, kuno lipendekera kumpoto nilifooka. Mwezi wa moto pa Muloza ndi October, pamene monga mwa mabuku omwewo dzuwa liri kulowa m'chigawo cha Tula, m'mene ati likhala lofooka koposa.

Funso lotsala ndi lakuti, kodi nyenyezi zidziwitsadi khalidwe kapena nzeru za mwana? Anayesa ichi ndi Amwenye eni ake. M'chaka cha 2008, mu mzinda wa Pune, Jayant Narlikar, katswiri wa sayansi ya zakumwamba, pamodzi ndi anzake anasonkhanitsa nthawi ndi malo obadwira ana 200. 100 anali ochita bwino kwambiri m'sukulu, 100 anali olumala m'nzeru. Wopenda nyenyezi ali yense anapatsidwa ana 40 osawaona, kuti anene gulu la mwana ali yense. Anayankha openda 27, ndipo powerengera onse pamodzi, mayankho oona sanafike ndi theka lomwe. Munthu woponya ndalama m'mwamba akadachita chimodzimodzi. Mphunzitsi wa kumudzi ali nao umboni wake m'kalasi momwe: mapasa obadwa ora limodzi, wina wolongolola wina wachete.

Apa ndipo pali ngozi yeniyeni. Mwana wouzidwa kuti nyenyezi yake ndi ya anthu aukali apeza chodzikhululukira nacho akamenya mnzake. Ndipo mphunzitsi amene akhulupirira zotere adzaleka kufufuza chimene chivuta mwanayo, kaya ndi njala, kaya ndi ndeu za kunyumba. Komanso sikuyenera kuti mphunzitsi anyoze mwambo wa eni ake pamaso pa ana. Banja lotcha mwana wao Lalita chifukwa mwezi unali m'Ashvini silinachimwire munthu. Chofunika ndi kulekanitsa zoyeseka ndi zokhulupirira: kuti dzuwa lilowa m'Mesha pa 14 April munthu angathe kuwerengera, kuti wobadwa pamenepo adzakhala msilikali, palibe anatsimikiza.

Zoyesekazo zipatsa kalasi yapamwamba ntchito yokoma. Ana agawe 360 ndi 12, napeze 30. Agawe 360 ndi 27, napeze madigiri 13 ndi mphindi 20, pokumbuka kuti digiri imodzi iri ndi mphindi 60. Agawenso nyumba imodzi panai, napeze madigiri 3 ndi mphindi 20. Magawo anai a Ashvini, anai a Bharani ndi limodzi la Krittika apanga 9, ndipo 9 kuchulukitsa ndi madigiri 3 ndi mphindi 20 kubweza 30 yemwe uja. Ochenjera achulukitse 24 ndi 72, naonjezere 285, kuti aone chaka chimene afikapo. Kukaona nyenyezi zenizenizo, mwezi wa April suthandiza, chifukwa dzuwa liri pomwepo nilizibisa. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa October ndi m'November, mvula isanakhazikike, pa usiku wopanda mwezi. Nkhosa ituluka kum'mawa chakumpoto dzuwa litangolowa, ndipo Nsangwe ziitsata patapita ora limodzi ndi theka.