Mitengo Isanu Kuseri kwa Nyumba

Chaka ndi chaka mvula ikagwa, mabanja ambiri amabzala mitengo ya zipatso mwachangu, koma pofika mwezi wa Okutobala pamangotsala timitengo touma. Chimene chimapha mitengoyi kaŵirikaŵiri ndi chilimwe choyamba: dzuŵa, chiswe, ndiponso mbuzi zimene timazitayirira tikatha kukolola. Nchifukwa chake ndikuti kwa inu makolo, yambani ndi mitengo isanu yokha imene mungathe kuithirira ndi kuitchingira.

Pa isanuyo papaya asasoŵe, pakuti amabala chisanathe chaka, ndipo monga mango, ali ndi vitamini A wothandiza maso a ana. Bzalani njere zitatu paphando limodzi. Ikachita maluŵa mudzazindikira yaimuna poona maluŵa olendeŵera pa timapesi tatitali. Siyani umodzi wokha, inayo dulani.

Mango a njere amatha zaka 6 kapena kuposerapo asanabale, pamene omezanitsa, monga Kent ndi Tommy Atkins, amayamba pa zaka 3 kapena 4. Boloma wathu sindikumunyoza ayi, koma pabwalo laling'ono mtengo womezanitsa ndiwo woyenera, chifukwa sukula mopitirira. Malalanje ndi manachesi, onga aja otchuka a ku Mwanza, amawamezanitsa pa tsinde la mandimu. Apa mpamene ambiri amagwa ulesi: mphukira zotuluka m'munsi mwa pomezanitsira ziyenera kuthyoledwa zikangooneka. Mukazilekerera zimalanda chakudya chonse, ndipo patapita zaka mudzathyola mandimu oŵaŵa pa mtengo umene munaugula ngati lalanje.

Dzenje likumbidwe mwezi umodzi mvula isanayambe, masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya komwe. Dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi ndowa ziŵiri za manyowa owolerana bwino, pakuti ndoŵe yaiŵisi imatentha mizu. Pobzala chotsani pulasitiki ya mbande, ndipo pomezanitsira pakhale pamtunda, osakwirirapo. Mango atalikirane mamita 10, malalanje mamita 6.

Tsono ntchito yeniyeni imayamba mvula ikakata. Mtengo uliwonse ulandire ndowa ya madzi kaŵiri pa sabata, madzulo dzuŵa litapepa. Phimbirani pansi ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde, kuwopa chiswe. Zingani mpanda wa minga kapena wa njerwa zosanjikiza, wotalika ndithu, chifukwa mbuzi ikaima ndi miyendo iŵiri imafika patali. Inu anyamata ndi atsikana, ntchito iyi njanu. M'zaka zanga za uphunzitsi ndaona kuti mtengo wa "tonse" umafota, koma mwana akapatsidwa wakewake sagona asanauthirire.

Mango omezanitsa ena amachita maluŵa chaka choyamba chomwe. Ngakhale mtima ukukana, athothoreni maluŵawo kufikira mtengo utakwanitsa zaka ziŵiri, kuti nthambi ziyambe zakhwima zisanasenze katundu.