Phunziro la pa wailesi ndi phunziro la pa foni

Pa 23 Marichi 2020 sukulu zonse m'Malawi zidatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo a Sitandade 8 ndi a Fomu 4, omwe adali oyamba kubwerera m'kalasi, adadikira mpaka pa 7 Seputembala. M'miyezi yapakatiyo Unduna wa Zamaphunziro udatsegula njira ziwiri. Ana a pulayimale adawakonzera maphunziro pa wailesi ya MBC, a sekondale adawaikira manotsi pa intaneti. Onsewa ankaphunzira mphunzitsi asakumuona, koma luso limene njira iliyonse inkafuna kwa mwana lidali lake lake.

Wailesi ili ngati belu la kusukulu. Nthawi ikakwana phunziro limayamba, kaya mwana ali kumjigo kaya kudimba, ndipo likamudutsa lapita. Choncho womvera wailesi amafunika khutu lakuthwa ndi dzanja lofulumira, kulemba uku akumvetsera, popanda bolodi loti akoperepo. Njirayi siinali yachilendo kwenikweni, poti pulogalamu ya Tikwere idaayamba kale mu 2007, kungoti Tikwere ana ankamvera ali m'kalasi, mphunzitsi ali pomwepo akuwatsogolera. Kunyumba ntchito imeneyo idagwera kholo kapena mkulu wake wa mwanayo.

Foni imadikira. Manotsi ukhoza kuwatsegula m'mawa, usiku, ngakhale kuwabwereza kangapo mpaka amveke. Ubwino umenewu ndi womwenso udagwetsa ambiri, chifukwa chinthu chodikira nchosavuta kuchinena kuti ndichita mawa. Wophunzira pa foni ayenera kudzilembera yekha ndandanda ya tsiku ndi kuisunga popanda womulondola, pamene WhatsApp ndi Facebook zikumuitana m'foni yomweyo. Ine ndimaona kuti luso limeneli ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo nlovuta ngakhale kwa munthu wamkulu.

Palinso luso la kasungidwe ka bando ndi batire. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo ankaunikira magetsi, motero kwa ambiri foni imayamba yapita kotchajitsa, kolipira. Wophunzira wanzeru ankatsitsa manotsi netiweki ikagwira bwino, n'kuzimitsa data, n'kumawerenga pang'onopang'ono akukopera m'kope mfundo zikuluzikulu. Ankadziwa kuti vidiyo kapena kalasi ya pa Zoom imatha bando msanga kusiyana ndi uthenga wa mawu. Ankasefanso zomwe walandira, poti m'magulu a WhatsApp mumayenda manotsi osadziwika mwini wake, ena a silabasi yakale. Womvera MBC vuto limeneli adalibe, zomwe ankamva zidali zoti akatswiri aziona kale.

Pa nkhani ya mafunso ndi pomwe foni imaposa wailesi. Wailesi sungaifunse. Koma kufunsa pa foni nakonso nkophunzira. M'kalasi mphunzitsi amangoona nkhope n'kudziwa kuti apa sizinamveke. Pa foni mwana akalemba kuti "Aphunzitsi, sindinamve" sathandizika, ayenera kutchula tsamba, kujambula samu yomwe wayesa, n'kuonetsa pomwe wakakamira. Mwana wamanyazi, amene m'kalasi ankapulumukira pa mafunso a anzake, apa amatsalira ndithu.

Ndikaziika pamodzi, wailesi idafuna zochepa kwa mwana koma idamupatsanso zochepa, foni idali ndi zambiri koma kwa yekhayo amene adali nayo ndi kudziwa kudzilamulira pa iyo. Chondidandaulitsa nchakuti m'sukulu zambiri za sekondale foni njoletsedwa, motero ana adauzidwa kuti aphunzire ndi chida chomwe palibe mphunzitsi adawaonetsapo kaphunziridwe kake. Kulemba ndandanda, kusefa manotsi ndi kufunsa funso lomveka ndi zinthu zoti zingaphunzitsidwe m'kalasi wamba kuyambira Fomu 1, ngakhale pasukulu yopanda kompyuta.