CITOPA NDI CIMFINE CA MBALAME: TIZIROMBO TIMENE TIMASINTHA KHALIDWE

Mwezi wa October ukafika, dzuwa likayamba kuswa mtengo, makomo ambiri a ku Kapata, Mchini ndi Navutika amakhala ndi dandaulo limodzi. Madzulo nkhuku zalowa m'khola zili bwinobwino. M'mawa mupeza ziwiri zafa, ina yapotoza khosi, ina yagwetsa mapiko ndipo ipuma mobanika, zitosi zili zobiriwira. Pasanathe milungu iwiri khola lonse lapululuka, ndipo ndalama imene mayi amadalira pogula yunifomu ya ana kapena thumba la ufa yapita.

Matenda amenewa ndi citopa, ena amati cideru. Ambiri amafunsa kuti: kodi cifukwa ciani caka cina nkhuku zimangotsokomola n'kucira, koma caka cina zimafa zonse? Ena amafika poganizira mnansi wao kuti wathira mankhwala. Zifukwa zenizeni ziripo zingapo, ndipo cimodzi cacikulu n'cakuti kacirombo ka matendawa sikakhala cimodzimodzi nthawi zonse. Kamasintha.

KACIROMBO KOKOPERA MOLAKWITSA

Citopa cinadziwika koyamba mu 1926 pa cisumbu ca Java ku Indonesia ndi mu mzinda wa Newcastle upon Tyne ku England, ndiye cifukwa cace a zaziweto amacichula kuti Newcastle. Kuno kwathu cinalembedwa koyamba mu 1952 ku Mazabuka.

Kacirombo kace n'kakang'ono kwambiri, ndipo sikangaswane pakokha. Kamalowa m'maselo a nkhuku ndi kuwakakamiza kupanga tizirombo tina tambirimbiri. M'kati mwace muli malangizo a cibadwa cace, ochedwa RNA, amene tingawafanizire ndi kalata ya zilembo zoposa 15,000. Kacirombo katsopano kalikonse kayenera kulandira kope la kalata imeneyi.

Ganizirani ana a sukulu amene akopera manotsi, wina kwa mnzace, mnzaceyo kwa winanso, popanda mphunzitsi woconga. Pofika kwa mwana wa makumi awiri, mau ena asintha. Ndi mmene zimacitikira ndi tizirombo ta mtundu uwu, pakuti tiribe njira yokonzera zolakwa zace. Zolakwa zambiri sizisintha kanthu, zina zimafooketsa kacirombo, koma mwa apo ndi apo pamapezeka ina imene imakapatsa mphamvu yatsopano. Nkhuku iriyonse yodwala iri ngati kalasi imene mukoperedwa makope mamiliyoni. Nkhuku zodwala zikaculuka, mwai wa kusintha koopsa nawonso umakula.

ZILEMBO ZIWIRI CABE

Kunja kwa kacirombo ka citopa kuli timinga timene kamatsegulira pakhomo pa selo. Timinga timeneti sitigwira nchito kufikira titadulidwa ndi timadzi tina ta m'thupi la nkhuku. Pa kacirombo kofatsa, timadzi todula timapezeka ku mmero ndi m'matumbo mokha, motero matenda amathera komweko ndipo nkhuku imacira. Pa kacirombo kaukali, malo odulirapo anasintha pang'ono, ndipo timadzi topezeka m'thupi lonse tikhoza kudula. Pamenepo kacirombo kamalowa m'ciwindi, mu ndulu ya magazi, ngakhale mu ubongo. Khosi lopotoka lija ndi cizindikiro cakuti kafika ku ubongo.

Zimenezi zinaoneka poyera ku Australia. Dziko limenelo linakhala zaka zoposa 60 lopanda citopa caukali, ngakhale kuti kacirombo kofatsa kanali kuyendayenda m'makola. Mu 1998 nkhuku zinayamba kufa pafupi ndi mzinda wa Sydney, ndipo mu 1999 nkhuku pafupifupi 2 miliyoni zinaphedwa ku dera la Mangrove Mountain pofuna kuletsa matendawa. Akatswiri atapima anapeza kuti kacirombo sikanacokere kunja. Kanali ka komweko, ndipo kanasiyana ndi kholo lace lofatsa pa zilembo ziwiri cabe pa malo odulira aja. Akuluakulu anati cakudza siciimba ng'oma.

MITUNDU YATSOPANO IMADUTSA M'MALIRE

Kamba ka kusintha kumeneku, citopa ciri ndi mabanja ambiri amene akatswiri amawapatsa manambala. Banja lina la nambala VII, limene kwao ndi kum'mwera ca kum'mawa kwa Asia, linapezeka ku Mozambique mu 2011, ndipo m'zaka zotsatira linafalikira m'maiko oyandikana nalo, kuphatikizapo Zambia. Kacirombo sikafuna pasipoti. Kamayenda ndi nkhuku yomangidwa pa njinga, m'dengu la pa basi, pa matreyi a mazira ndi pa nsapato za munthu wocokera ku msika. Ife a cigawo ca Kum'mawa, amene tiri pa malire a Malawi ndi Mozambique, tiyenera kukumbukira zimenezi.

KODI KATEMERA AGWIRABE NCHITO?

Inde, agwira. Nkhani yabwino ndi yakuti ngakhale citopa ciri ndi mabanja ambiri, thupi la nkhuku yotemeredwa limawazindikira onse. Katemera wa LaSota anacokera ku kacirombo kofatsa kamene kanapezeka mu 1946 ku New Jersey, ku America, ndipo mpaka lero amateteza nkhuku ku imfa ngati waperekedwa bwino. Palinso katemera wa I-2, wopangidwa koyamba pa University of Queensland ku Australia, amene amapirira kutentha kuposa ena. Iyeyu amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iriyonse, yaikulu kapena mwanapiye.

Koma pali cenjezo. Nkhuku yotemeredwa ikhoza kutenga kacirombo kaukali osadwala, n'kumakatulutsa m'zitosi. Conco khola limene mwatemera theka cabe ndi malo abwino oti kacirombo kapitirize kuswana ndi kusintha. Nthawi zambiri anthu akamati katemera walephera, vuto limakhala lakuti anaikidwa padzuwa, anatha masiku, anasakanizidwa ndi madzi a pampopi okhala ndi klorini, kapena anaperekedwa nkhuku zitadwala kale.

CIMFINE CA MBALAME NDIYE KATSWIRI WOSINTHA

Pali matenda ena ofanana kwambiri ndi citopa, oti ndi maso simungawasiyanitse. Amenewa ndi cimfine ca mbalame. Kwao kwenikweni ndi mwa abakha, atsekwe ndi mbalame zina za m'madzi, zimene kawirikawiri zimakhala nako kacirombo osadwala. Akatswiri a pa University of Zambia anapezapo mitundu yofatsa ya kacirombo kameneka m'zitosi za mbalame za m'thengo ku Lochinvar National Park kuyambira mu 2006.

Kacirombo ka cimfine kamakopera molakwitsa monga ka citopa, koma kali ndi njira yaciwiri. Kalata yace iri m'zidutswa 8. Mitundu iwiri ikalowa m'mbalame imodzi, zidutswa zimasakanikirana ndipo pamabadwa mtundu wacitatu umene kunalibe.

Mitundu ya H5 ndi H7 ndiyo imadziwika ndi kusanduka yaukali ikakhalitsa m'makola odzaza. Ku Pennsylvania, ku America, mtundu wa H5N2 unayamba mofatsa mu April 1983, koma pofika October unali utasanduka wakupha, ndipo mbalame 17 miliyoni zinatayika. Mtundu wa H5N1 unapezeka mwa atsekwe ku Guangdong, ku China, mu 1996, ndipo unafika mu Africa mu 2006 kudzera ku Nigeria. Mu 2017 mtundu wa H5N8 unagwa m'makola a ku Zimbabwe ndi South Africa. Mu 2023 South Africa inapha nkhuku mamiliyoni kamba ka H5N1 ndi H7N6, mpaka mazira anasowa m'masitolo. Mu 2024 H5N1 inapezeka mu ng'ombe za mkaka ku America, cinthu cimene ambiri sanaciyembekezere.

KODI MUNTHU ANGATENGE MATENDAWA?

Citopa sicioopsa kwa munthu. Amene wagwira nkhuku yodwala kapena katemera n'kudzitikita m'maso akhoza kufiira maso masiku owerengeka, basi.

Cimfine ca mbalame ndi nkhani ina. Mu 1997 ku Hong Kong anthu 18 anadwala H5N1 ndipo 6 anamwalira. Kuyambira mu 2003, bungwe la WHO lalemba anthu oposa 900 amene anadwala mtundu umenewu, ndipo pafupifupi theka la iwo anamwalira. Ambiri anatenga pogwira, pozinga kapena pososola mbalame zodwala ndi zakufa. Kufikira tsopano kacirombo kameneka sikayenda mosavuta kucoka kwa munthu kupita kwa mnzace. Cimene madokotala amaopa ndi cakuti munthu aliyense wodwala, kapena nkhumba iriyonse yodwala, imapatsa kacirombo mpata wina wosinthira.

Ndiye cifukwa cace mwambo wakuti "izinge msanga isanafe" ndi woopsa. Pakuti matenda awiriwa amafanana, mayi amene asosola nkhuku yodwala sadziwa cimene wagwira.

ZOYENERA KUCITA PAKHOMO

1. Temerani nkhuku zonse za cikaya miyezi inai iriyonse, ndipo musadikire kumva kuti citopa cafika. Citetezo cimayamba patapita mlungu umodzi kapena iwiri. Pa nkhuku za nyama ndi za mazira tsatirani masiku amene a zaziweto akuuzani.

2. Sungani katemera pozizira, ndipo mukasakaniza ndi madzi akumwa, nkhuku zimwe pasanathe maola awiri.

3. Nkhuku yogula ku msika kapena yopatsidwa ndi acibale ikhale payokha milungu iwiri. Ikhoza kuoneka yamoyo koma itanyamula matenda.

4. Abakha, nkhunda ndi nkhumba zisagone pamodzi ndi nkhuku, ndipo nkhuku zisagone m'nyumba ya anthu.

5. Nkhuku yofa yokha musadye, musagulitse, musapatse agalu, musataye pa dzala kapena mu mgula. Inyamuleni manja ali m'pulasitiki, muitenthe kapena muikwirire m'dzenje lakuya, kenaka sambani ndi sopo. Ana asagwire.

6. Makapisozi sapha kacirombo ka citopa kapena ka cimfine. Tsabola ndi mankhwala ena a pakhomo sangalowe m'malo mwa katemera.

7. Nyama ya nkhuku ndi mazira zipse bwino, pasakhale pofiira.

8. Nkhuku zambiri zikafa mwadzidzidzi, dziwitsani ofesi ya zaziweto ya m'boma lanu tsiku lomwelo. Ngati wina pakhomo wayamba kutentha thupi, kutsokomola kapena kubanika atagwira nkhuku zotere, apite ku cipatala ndipo auze adokotala za nkhukuzo.

M'komboni makola amayandikana, ndipo nkhuku sizidziwa mpanda. Ngati mwatemera zanu koma za mnansi ziri cabe, kacirombo kakali ndi poswanira. Gwirizanani makomo khumi kapena makumi awiri, gulani botolo limodzi, mutemere tsiku limodzi. Ndipo matenda akagwa m'khola lanu, uzani anansi msanga m'malo mothamangira ku msika ndi nkhuku zotsala. Paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.