Chida chouma mitsempha chipulumutsa magazi pa opaleshoni ya chiwindi

Aliyense amene anasendapo mbuzi pamsika wa Lirangwe kapena ku Chileka akudziwa kuti chiwindi ndi nyama yofewa komanso yodzaza magazi. Cha munthu nchimodzimodzi. Pamphindi iliyonse, magazi okwana pafupifupi lita imodzi ndi theka amadutsa m'chiwindi cha munthu wamkulu. Nchifukwa chake dotolo akamadula chotupa cha khansa pachiwalochi, mdani wake wamkulu amakhala kutayika kwa magazi.

Kuyambira mu 1908, madotolo akhala akutsatira njira ya James Hogarth Pringle wa ku Glasgow, yopana mitsempha yolowetsa magazi m'chiwindi. Koma akapana nthawi yaitali, chiwindi chimaonongeka.

Mu 2002, gulu la Pulofesa Nagy Habib wa pachipatala cha Hammersmith ku London lidalengeza njira ina. Dotolo amabaya singano m'chiwindi motsata mzere umene akufuna kudula. Singanozo zimatulutsa mphamvu ya magetsi yotchedwa radiofrequency, imene imatenthetsa mnofu mpaka mitsempha kuuma ndi kutsekeka. Mpeni ukamadutsa pamzere woumawo, magazi amangotuluka pang'ono, ndipo odwala ambiri safunikanso kuwonjezeredwa ena. Njirayi ndiyo idabala chida cha Habib 4X.

Vuto ndi mtengo. Chidachi nchodula, chimagwira ntchito pa wodwala mmodzi nkutayidwa, komanso chimafuna magetsi odalirika.

Choncho kwa wodwala wa ku Chileka kapena ku Lirangwe amene watumizidwa ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, moyo umadalirabe thumba la magazi. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2003, limatolera magazi ambiri kwa ana asukulu, ndipo sukulu zikatsekera magaziwo amachepa. Apa mpamene akuluakulu athanzi ayenera kulowapo nkupereka awo.

Kupewa nakonso kuli m'manja mwathu. Khansa ya chiwindi imayamba kawirikawiri ndi kachilombo ka hepatitis B, mowa wauchidakwa monga kachasu, komanso poizoni wa chuku cha mtedza ndi chimanga zosauma bwino. Katemera wa hepatitis B adalowa m'ndondomeko ya katemera wa ana m'dziko muno mu 2002, ndipo ngwaulere kusikelo.

Obadwa chakacho chisanafike ndi bwino akayezetse magazi, chifukwa kachilomboka kamadya chiwindi mwakachetechete kwa zaka zambiri munthu asanamve kupweteka.