Ndondomeko ya apilo pa milandu ya chamba ndi mfuti

Munthu amene bwalo la majisitireti lamupeza wolakwa pa mlandu wogulitsa mankhwala ozunguza bongo kapena wosunga mfuti popanda chilolezo ali ndi ufulu wokadandaula ku bwalo lalikulu la High Court, malinga ndi gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino.

Koma ufuluwu uli ndi nthawi yake. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu la Criminal Procedure and Evidence Code likuti wodandaula apereke chidziwitso cholembedwa pasanathe masiku 10 chiperekedwere chigamulo. Amene ali kale kundende amapereka chidziwitsochi kudzera kwa mkulu wa ndendeyo. Wochedwa amayenera kupereka chifukwa chomveka kuti bwalo limulole.

Apilo si kuyambiranso mlandu. Woweruza amawerenga zonse zimene majisitireti analemba pozenga mlanduwo n'kuona ngati umboni unali wokwanira. Pa milandu iwiriyi, mkangano kawirikawiri umagona pa funso limodzi: kodi katunduyo analidi m'manja mwa woimbidwa mlandu, ndipo iye ankadziwa? Thumba la chamba lopezeka m'basi yodzaza anthu, kapena mfuti yopezeka m'nyumba yogonamo anthu asanu, sizisonyeza zokha mwini wake. Boma liyeneranso kutsimikiza kuti chogwidwacho ndi chambadi, ntchito imene akatswiri a ku Bvumbwe ndi ku Chitedze akhala akugwira. Apa ndi pamene kulemba mosasamala kwa wapolisi kapena woimira boma kumagwetsa mlandu umene unali wolimba.

Komabe si cholakwika chilichonse chimene chimamasula munthu. Bwalo limafafaniza chigamulo pokhapokha cholakwikacho chitapotoza chilungamo.

Amene anavomera yekha mlandu sangatsutsenso kuti ndi wolakwa. Angadandaule za kukula kwa chilango kapena ngati chilangocho n'chosemphana ndi lamulo. Adziwenso kuti High Court ili ndi mphamvu yochepetsa chilango komanso yochiwonjezera. Belo poyembekeza apilo siiperekedwa wamba.

Lamulo la Cannabis Regulation Act la 2020 linalola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso, choncho wogulitsa mwamseri sangalitchule ngati chodzitetezera.

Wosakhutira ndi High Court angapite ku Supreme Court of Appeal, koma pa mfundo za malamulo zokha. Wosowa ndalama za loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau.