Mmene Alandirira Alendo ku Mahotela a Kunyanja

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa litayamba kuswa mtengo, misewu ya ku Mangochi ndi ku Salima imadzaza ndi magalimoto a anthu opita kunyanja. Kale ulendo wotere unali wa azungu ndi mabwana owerengeka a m'tauni. Masiku ano, makamaka pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, mupezamo amayi a Mvano, amayi a banki m'khonde amene angogawana ndalama zawo, ndiponso agogo amene ana awo awatenga kuti akaoneko nyanja asanatsikire kuli chete. Tsono mvetserani zokamba zawo akabwerako. Za mchenga ndi mafunde amangodutsapo mwachidule. Nkhani imene imatha sabata yathunthu kuchitsime ndi kumsika ndi yakuti, "Anatilandira bwino," kapena, "Tinakhala ola lathunthu popanda wotiyang'ana."

Nyanja yathu njokongola ndithu. Kutalika kwake nkopitirira makilomita 500, ndipo mbali ya ku Cape Maclear, kumene kuli tinsomba tamawangamawanga totchedwa mbuna, boma linaikhazika kukhala malo otetezedwa m'chaka cha 1980. Bungwe la UNESCO nalo linaiwerengera pa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Komatu kukongola kokha sikusunga mlendo. Ku Cape Maclear komweko, m'chaka cha 1949, kunkatera ndege zazikulu za kampani ya BOAC zotera pamadzi, paulendo wake wochokera ku Mangalande kupita ku Johannesburg, ndipo okwera ankagona pahotela imene inamangidwa pagombepo. Mu 1950 ndegezo zinaleka kubwera, hotelayo siinakhalitsenso. Zofanana ndi zimenezi tinazionanso mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka maulendo, ndi mu 2024, pamene madzi a m'nyanja anakwera mpaka kumiza magombe a mahotela ena ku Mangochi. Akuluakulu sananame pamene anati mlendo ndi mame. Iye akaleka kubwera, woyamba kugona ndi njala ndi mayi wochapa, mnyamata woperekera zakudya ndi amene amagulitsa tomato pakhomo la kukhitchini.

Amayi anzanga, ntchito yolandira alendo siyachilendo kwa ife. Munthu akafika pakhomo, mwana amathamanga kukamlandira katundu, timamuyalira mphasa kapena kumpatsa mpando, akapuma ndipo timamlonjera, kenaka madzi akumwa, madzi osamba, nsima. Sitimfunsa tsiku lobwerera iye asanadye. Hotela yabwino imatsata ndondomeko yomweyi, ngakhale ovala mayunifolomu aja sadziwa kuti anaiphunzira kwa amayi awo. Kusiyana kwake nkwakuti mbale wanu amakukhululukirani ndiwo zikachepa mchere, popeza ndinu magazi amodzi, pamene mlendo wa kuhotela walipira ndalama zake ndipo alibe chifukwa chokukhululukirani. Kawirikawiri sadandaula nkomwe. Amangonyamula chikwama chake, nakauza anzake kwawo, ndipo masiku ano ambiri amakalemba pa intaneti pamene dziko lonse liwerenga.

Ntchito imene imamanga kapena kugwetsa mbiri ya hotela imagwiridwa ndi anthu amene mlendo sawaona, ndipo ambiri a iwo ndi amayi. Taganizani za wokonza m'zipinda. Alendo akapita kukadya chakudya cham'mawa, iye ndiye amayamba: kugogoda ndi kudikira asanalowe, kutsekula mazenera, kuyalula mabedi, kusesa mchenga umene umalowa paliponse ngakhale pansi pa pilo, kutsuka bafa ndi chimbudzi, kuona ngati neti yoteteza udzudzu yabooka, popeza kunyanja malungo sachita nthabwala. Kansalu kopukutira kuchimbudzi sikayenera kukhudza kapu yomwera madzi, ndipo kumahotela olongosoka nsalu zimenezi amazisiyanitsa mitundu kuti pasakhale kusokoneza. Zonsezi azichite m'zipinda khumi kapena kuposerapo dzuwa lisanapendeke, msana uli chiweramire, kunja kukutentha ngati ng'anjo. Akapeza ndolo kapena ndalama pansi pa bedi, akazipereke ku ofesi kuti zilembedwe m'buku, ngakhale mtengo wa ndoloyo upose malipiro ake a mwezi wathunthu. Ine ndimati mayi wotereyu ngwoyenera ulemu woposa umene timapatsa abwana a tayi okhala pofikira alendo.

Kochapira nako kuli luso lake. Zovala ndi matawulo zoyanika panja kumalo otentha ziyenera kusitidwa zonse ndi simbi yotentha bwino, osati chifukwa cha makwinya okha ayi. Kuli ntchentche ina imene imaikira mazira pa nsalu yonyowa, ndipo mazirawo akakhudza khungu amasanduka mphutsi yolowa m'thupi. Amayi a kumudzi amadziwa zimenezi chifukwa cha matewera a ana. Mlendo wochokera ku Ulaya sadziwa, ndipo akatuluka chithupsa chotere atabwerera kwawo sadzabweranso.

Kukhitchini chimene chimayesa anthu ndicho kunena zoona. Chambo sichipezeka monga kale, ndipo nthawi ya mwera, kuyambira mwezi wa Juni mpaka Ogasiti, asodzi amatha masiku osalowa m'madzi. Woperekera zakudya wophunzitsidwa bwino amadziwiratu zimene zatha asanapereke pepala la zakudya, nanena poyera kuti lero chambo palibe koma pali kampango. Wosaphunzitsidwa amavomera zonse ndi nkhope yomwetulira, nasowa kwa mphindi makumi anayi, kenaka nkubwera chimanjamanja. Pano mpamene khalidwe lathu labwino limatipweteka. Tinaleredwa kuti kukana mlendo nkupanda ulemu, choncho timayankha kuti "chikubwera posachedwa" ngakhale nkhuku isanaphedwe. Mlendo angapirire kudikira ola lathunthu ngati wauzidwa kuti lidzakhala ola. Chimodzimodzinso akafunsa za likodzo, limene limapezeka m'malo ena a m'nyanja momwe muli bango ndi nkhono: kumuuza zoona, ndi kumlangiza kuti akaonane ndi adokotala akabwerera, nkwabwino kuposa kumtsimikizira kuti madzi onse ngoyera. Magetsi akazima, firiji nkuyamba kutentha, wophika wokhulupirika amataya nsomba imene yasintha fungo ngakhale abwana akwiye.

Tsopano ndifike pa chilonda chimene ambiri a inu mwachimvapo kuwawa. Dziko lathu limadzitcha mtima wofunda wa Africa, ndipo alendo akunja amachitira umboni kuti nzoona. Nanga bwanji mayi wa chitenje ndi duku, wotsika m'minibasi ndi anzake, amafunsidwa pachipata kuti akufuna yani, pamene mzungu wa kabudula wong'ambika amatsekuliridwa ndi sawatcha? Sikuti zimachitika paliponse, ndipo ena asintha kwambiri, koma kusankha nkhope kukadalipo: tebulo loyang'ana kunyanja kulisungira ena, kuyankha Chingerezi munthu atafunsa m'Chichewa, kubweretsa bilu chakudya chisanathe ngati kuti wina athawa. Wantchito wochita zimenezi amaganiza za kandalama kothokozera kamene mlendo wakunja amasiya. Koma mwini hotela wanzeru amadziwa kuti pamene ndege zinaleka kutera mu 2020, amene anasunga zitseko zotsekula anali Amalawi omwewo, a misonkhano, a maukwati ndi a maulendo a mpingo. Mukachitiridwa zotere musangong'ung'udza m'minibasi pobwerera. Funsani amanijala, mulankhule mofatsa, mutchule ola ndi chimene chachitika. Wantchito mmodzi mungamchititse manyazi pachabe, pamene cholakwa chili kwa amene anamphunzitsa.

Nafenso tikakhala alendo tili ndi mbali yathu. Mtsikana amene akukupatsirani madzi osamba m'manja ndi mwana wa mnzanu. Kumuitana ndi mluzu kapena kumuombera m'manja ngati nkhuku sikuonetsa kuti muli ndi ndalama. Dzina lake kawirikawiri limalembedwa pachifuwa, ndipo ngati palibe, "achemwali" kapena "achimwene" nkokwanira. Ana asasiyidwe okha m'madzi poyembekeza kuti antchito awayang'anira. Mukafuna kusiya kangachepe kothokozera, funsani ngati pali bokosi la antchito onse, chifukwa ndalama yoperekedwa patebulo siifika kwa wochapa ndi wotsuka miphika.

Mawu otsala ndi a inu amene ana anu aakazi akufuna ntchito imeneyi. Makolo ambiri amaiopa, poganiza kuti mtsikana wa kuhotela ndiye kuti walowerera. Mantha amenewa sali opanda pake, popeza alipo alendo ena, ndi mabwana ena omwe, amene amayesa kuti kumwetulira kwa wantchito nkogula. Komabe ntchitoyi ili ndi sukulu zake: ku Blantyre kuli Malawi Institute of Tourism kumene amaphunzitsa kuphika, kuperekera zakudya ndi kusamala zipinda, ndipo ku Mzuzu University kuli maphunziro a zokopa alendo ofika pa digiri. Mwana akapeza malo ku Senga Bay, ku Nkopola, ku Chintheche kapena ku Likoma, musafunse za malipiro okha. Funsani ngati ampatsa kalata ya ntchito kapena amlemba ngati waganyu wa nyengo ya alendo ambiri, woti mvula ikayamba amuuza kuti akadikire kunyumba. Funsani kumene azigona, amene azimperekeza akaweruka pakati pa usiku, ndiponso ngati pali mayi wamkulu pantchitopo amene angakamuuze mlendo akamgwira dzanja mosayenera.